Mutu 7: Batire Lotupa M'chisakasa cha Matabwa

1. Nyumba yopanda denga

Kwawo kwa Kezia kunali kunja kwa boma la Mzimba, mukamatsata msewu wafumbi wolowera ku Luwawa. Pakhomo pawo panaima nyumba yaikulu ya njerwa zowotcha, koma yopanda denga. Mazenera anali pululu, ndipo amene ankasangalala nayo anali nkhuku ndi abuluzi. Eni ake, a Bestone, bambo ake a Kezia, anali ku Joni.

Ku Mzimba mwana sachita manyazi kunena kuti bambo ake ali ku Joni, pakuti theka la kalasi limanena zomwezo. A Bestone anachoka Kezia ali wamng'ono, mano akutsogolo atangoguluka kumene. Tsopano anali mtsikana wa Fomu 2, ndipo mawu a bambo ake ankawadziwa kuposa nkhope yawo.

Komabe a Bestone sanali m'gulu la aja amapita n'kutchona. Chaka china anatumiza ndalama za njerwa, chaka china za malata, ndipo chaka chimenechi panabwera matabwa a paini ochekedwa ku Chikangawa, a denga, a zitseko ndi a mafelemu. Akaimba foni, mawu awo otsiriza sankasintha.

"Matabwa amenewo akadzakwera padenga, ine ndidzagona pansi pake. Kuno sindidzabwereranso yayi."

A Maria, mayi ake a Kezia, anasanja matabwawo m'chisakasa cha udzu, kutali ndi khitchini. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, analambula kuzungulira chisakasacho mpaka sipanatsale ndi kaudzu komwe. Atamaliza anaitana mwana wawo.

"Pulika, mwana wane, umvetsetse. M'chisakasa ichi mulibe matabwa, muli thukuta la adada ako. Munthu uja amagona m'kachipinda ka malata, amadzuka nkhuku zisanatsike kukanyamula simenti ya eni ake, kuti ife tidzakhale ndi denga. Paini ndi mtengo wautomoni, ukangonunkhiza moto mbwenu wapita. Machesi asafike pano. Koloboyi asafike pano. Ngakhale phulusa la m'mbaula usatayire mbali ino. Anyamata osaka mbewa akayatsa tchire, usiye chilichonse udzandiitane. Matabwa awa akapsa, adada ako tawakwirira ku Joni ali moyo. Wandipulika?"

"Enya, amama," anavomera Kezia.

Kezia anali mwana womvera. Machesi sanabwere nawo, koloboyi sanabwere naye. Iye anangobwera ndi kalole kake koseweretsa.

2. Kalole ka ku Joni

Kaloleko kanabwera ndi aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni, katakulungidwa m'bulangete. Kanali kofiira, kamatayala akuluakulu, koyendetsa uli patali ndi rimoti. Kezia atakaona koyamba mtima unamuwawa. Imeneyo inali mphatso ya mwana wamano oguluka uja, ndipo anadziwa kuti m'maso mwa bambo ake iye anali asanakule.

Mwana wina akanakakankhira kunsi kwa bedi. Kezia anatenga sikuludiraiva n'kukatsegula kumimba.

Kusukulu anali m'kalabu ya sayansi, mtsikana yekha pakati pa anyamata odziwadziwa. Lolemba lotsatira kunali chionetsero, ndipo aphunzitsi anamubwereka timasevo tiwiri ndi kabolodi kolumikizira. Sevo ndi kamota kakang'ono kokhala ndi kadzanja. Ukadina pa rimoti, kadzanjako kamakhota n'kuima pomwe wafuna. Kaloleko kanali kale ndi sevo imodzi yokhotetsa matayala. Kezia ankafuna yachiwiri izitukula kumbuyo ngati tipa yotsitsa mchenga, ndipo yachitatu izitsegula kachitseko. Zikatheka, akajambule pa foni, bambo ake aone okha mwana amene ali naye.

Ntchito ankagwirira m'chisakasa chifukwa munali mthunzi, ndipo mulu wa matabwa unali tebulo labwino. Mayi ake sanaletse. Iwo anaona mawaya, sanaone moto.

Sevo iliyonse ili ndi mawaya atatu: wofiira ndi wakuda odzera magetsi, ndi wachikasu wodzera lamulo lochokera ku rimoti. Kezia analumikiza onse bwinobwino, n'kupakira tizidutswa ta matabwa kumbuyo. Atadina batani loyamba, kumbuyo kunayamba kutukuka. Atadina lachiwiri, tinyale tinafooka, kalole kananjenjemera ngati mbuzi yonyowa, kenako zii.

Anayesanso, zomwezo. Vuto analiona yekha. Batire limodzi silikanatha kudyetsa mota ndi masevo atatu, pankafunika lina.

3. Ndowa ya mchenga

Lachisanu ataweruka, Kezia anapalasa njinga kupita kumsika kwa a Lyson. A Lyson anali bambo wachikulire wa ku Ntcheu, wokonza mawailesi ndi mafoni m'kashopu kothinana kuseri kwa ogulitsa nyemba. Ana a sukulu ankawakonda chifukwa sankawathamangitsa, ngakhale kuti ankalankhula motalika ngati mlaliki wa pa Sabata la Pasaka.

Anavala magalasi, anatembenuza kalole, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Walumikiza wekha? Dzanja uli nalo, mwana wanga. Koma walondola, batire lachepa. Lofanana ndi ili ndilibe. Ndaitanitsa katundu ku Mzuzu, afika Lachitatu."

"Chionetsero ndi Lolemba, adada," anatero Kezia, kuwatchula choncho mwaulemu.

Maso a Kezia anali atagwera kale pa ndowa yachitsulo imene inali panja pa khomo. Munali mchenga, ndipo m'mchengamo munatulukira mitu ya mabatire akale a mafoni.

"Nanga awa? Ndipatseniko limodzi, ndapota."

A Lyson anavula magalasi aja n'kumuuza akhale pa benchi.

"Ukuganiza kuti ndawakwirira m'mchenga kuti amere? Tamvera. Mabatire awa si aja a mutochi amene agogo ako amawadziwa. Aja akatha atha, amangochucha madzi n'kuwononga wailesi. Awa ali ndi mtima woipa. Ukafuna kuphatikiza awiri, akhale amtundu umodzi, amsinkhu umodzi, odzaza mofanana, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Inu a ku Mzimba ng'ombe mumazidziwa kuposa ine. Kodi munamangapo yamphamvu ndi yodwala pa goli limodzi? Yamphamvu imakwekwereza inzake mpaka kuigwetsa. Mabatire nawo amatero, lamphamvu limakankhira moto wake m'lofooka, lofookalo n'kumatentha mwakachetechete."

Anapinda mkono wa malaya. Kuyambira pachigongono kutsika, khungu linali lowala ndi lokwinyika.

"Ichi si cha makala ayi. Munthu anandibweretsera foni itatupa kumsana, ine n'kuti nditsegule ndione. Ndinangolikanda pang'ono ndi sikuludiraiva. Linalira ngati njoka, linatulutsa utsi woyera, ndipo ndisanaime benchi yanga yonse inali moto. Tinathira madzi, moto unkangodzukanso. Ndiye ukaona batire latupa ngati mandasi, usalifunsenso. Lafa kale, likungosankha malo ophulikira. Silifuna kulibaya, silifuna kulipana, silifuna kutentha. Moto wake suyamba ndi machesi, umachokera m'mimba mwake momwemo, nthawi imene iwe wayang'ana kumbali."

Kenako anatenga kafyuzi kagalasi n'kukawotcherera pa waya wofiira wochokera ku batire.

"Aka ndi mlonda wako. Magetsi akachuluka kadzaduka. Kakaduka usakwiye nako, kakukuuza kuti penapake palakwika. Uzimitse zonse ubwere kuno."

"Nanga Lolemba ndikaonetsa chiyani?"

"Ukaonetse sevo imodzi, kumbuyo kutukuke, anthu aombe m'manja. Kachitseko udzatsegula Lachitatu. Kuthamanga sikufika, mwana wanga."

"Yewo chomene," anathokoza Kezia, atagwada pang'ono monga mwa ulemu. Mawondo anavomera, koma mtima unali usanavomere.

4. Mphatso ya Keith

Pamene ankamasula njinga anamva wina akuseka kumbuyo kwake. Anali Keith, mnzake wa m'kalabu, mwana wa wapolisi amene anasamutsidwa kuchokera ku Zomba. Keith sanali mwana woipa. Vuto lake linali pakamwa, chifukwa ankayankha funso lisanathe.

"Ulaliki watha? Ndakuona uli pa benchi ngati wodikira jakisoni."

Kezia anamufotokozera. Keith anapisa m'chikwama n'kutulutsa pawabanki yakale, chikopa chake chitang'ambika pambali. Anachikanula ndi chikhadabo, ndipo m'kati munatuluka batire lophwatalala, lokutidwa ndi pepala lasiliva. Pakati pake panali potukuka.

"Ili linkatchaja mafoni a nyumba yonse. Kalole kakoko likanyamula ndi dzanja limodzi."

Kezia analidina ndi chala. Linali lofewa, ndipo linabwerera pang'onopang'ono.

"Latupa ili."

"Ladzaza mphamvu, ndiye lisatupe? Iwe, a Lyson amaopa chilichonse. Akanakhala kuti ndi odziwa bwenzi ali ku Lilongwe, osati kuseri kwa nyemba. Koma ngati ukufuna kukaonetsa kalole kotukula matako kokha, zako zimenezo. Anyamata a Fomu 4 abwera ndi chitsime chopopa chokha madzi. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto."

Kezia anayang'ana kukashopu kuja. A Lyson anali atawerama pa wailesi ya munthu, ndowa ya mchenga ili pakhomo. Panali pafupi, akanatha kungoyenda n'kukaponyamo batirelo.

Analikulunga m'mpango n'kuliika m'thumba la siketi. Njira yonse yopita kumudzi linkamugunda pantchafu akamapalasa.

5. Mlonda achotsedwa

Atafika anapeza mayi ake atapita kumjigo, ndipo agogo ake aamuna, asekuru Yoram, akuwodzera pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pamimba. Kezia analowa m'chisakasa.

Chowotcherera analibe. Anasenda mawaya ndi mano, n'kupota wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Pamene mawaya akuda ankakhudzana panatuluka kamoto kabuluu, thwa! Anadzidzimuka, anadikira, ndipo poona kuti palibe chachitika anapitiriza. Tepi inali itamuthera, choncho anakulunga molumikizamo ndi tizingwe ta pepala la shuga. Batire latsopano silinkakwana m'malo mwake, ndiye analikanikiza ndi chala chachikulu mpaka chivundikiro chinatseka.

Anayatsa. Tinyale tinawala kuposa kale. Anadina mabatani onse awiri pamodzi, kumbuyo kunatukuka, kachitseko kanayamba kutseguka, kenako panamveka kaphokoso kakang'ono ndipo zonse zinaima.

Kafyuzi kanali katada m'kati.

Apa ndi pamene munthu amayenera kuika zida pansi. Kezia anatembenuzatembenuza kafyuzi m'manja. Mawu a a Lyson anali asanazizire n'komwe m'makutu mwake, sakananama kuti anaiwala. Koma anali ataona kachitseko katatseguka theka, ndipo theka limenelo linamukoka kuposa mkono wachipsera uja.

Anadula kachidutswa ka waya wamkuwa n'kulumikiza mbali ziwiri zimene kafyuzi kankalumikiza. Kafyuziko anakaponya mu utuchi.

Ndipo kalole kanayenda, abale! Kanatuluka m'chisakasa ngati kaona mdani, kanazungulira nkhokwe, kanabalalitsa nkhuku, kanakaima pamapazi pa asekuru Yoram n'kutsitsa katundu wake mwaulemu. Kachitseko kanatseguka, timatabwa tinatsetsereka, kumbuyo kunabwerera m'malo mwake.

Asekuru anadzuka n'kugwira pakamwa.

"A-a! Ichi n'chivichi, n'chiyani chimenechi? Bestone wabala injiniya! Bwereza, mzukulu wane, bwereza!"

Kezia anabwereza. Ana a nyumba zoyandikana anathamangira, ndipo anabwerezanso. Anaseka mpaka misozi, ndipo kunena zoona anali asanasangalalepo chotero chichokereni bambo ake. Foni inali ndi mayi ake kumjigo, choncho kujambula kunadikira mawa.

Dzuwa litapendeka, kalole kanayamba kuyenda mwaulesi, kenako kanaima pakati pa bwalo. Pokanyamula, Kezia anamva kumimba kwa kaloleko kukutentha ngati mwana wamalungo. Panalinso kafungo kotsekemera, konga ka mankhwala opaka zikhadabo. Anaika kalole pamwamba pa matabwa n'kupita kukathandiza mayi ake kutula ndowa.

6. Mankhwala a asekuru

Loweruka kunacha ndi uthenga wa maliro. Kutsidya kwa dambo kunamwalira mayi wina wa mpingo wawo, ndipo mwambo unali wa tsiku lomwelo chifukwa cha kutentha. Kumudzi maliro alibe mwini. Aliyense woyenda ndi miyendo iwiri amapita, ndipo atsikana a msinkhu wa Kezia ndiwo otunga madzi.

A Maria akumanga duku, Kezia anazemba kukayesa kalole. Tinyale tinangophethira n'kuzima. Mabatire onse awiri anali atatheratu.

Pakhomo pawo panalibe magetsi. Kasola ka mayi ake kankatha kutchaja foni yokha. Kaloleko nthawi zonse ankakatchajitsa kwa a Lyson, koma tsopano akanapita bwanji? A Lyson akanatsegula kumimba, n'kupeza batire lotupa ndi waya wamkuwa pamalo pa mlonda wawo.

Atatuluka anapeza asekuru Yoram akuchita zimene ankachita m'mawa uliwonse. Anatulutsa mabatire a wailesi yawo n'kuwandandalika pa kachidutswa ka lata, padzuwa.

"Nkhope yagwa bwanji, injiniya?"

"Batire latha, asekuru."

"Ndiye ukulira chimenecho? Yanika! Batire lili ngati ife okalamba, likaothera dzuwa limadzuka. Awa ukuwaonawa ndinagula kusanakololedwe, mpaka lero akuimba. Lata likatentha chomene, madzulo umamva nkhani zonse mpaka zamaliro."

Asekuru sankanama. Mabatire a wailesi amatsitsimukadi pang'ono akaothera dzuwa, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezo. Koma asekuru anali asanaonepo zimene zinali m'mimba mwa kalole. Amene anaziona anali Kezia, ndipo amene anauzidwa kuti batire lotupa silifuna kutentha analinso Kezia yemweyo. Pa malangizo awiri a akulu, iye anasankha amene ankagwirizana ndi chionetsero cha Lolemba.

Kumbali ya kum'mawa kwa chisakasa, nsonga za matabwa aatali zinkatulukira kunja kwa udzu, ndipo dzuwa linkamenya pamenepo mpaka masana. Kezia anayalapo chidutswa cha lata n'kukhazikapo kalole. Kutulutsa mabatire sanafune, poopa kuti mawaya opota ndi manja aja angamasuke. Poopanso ana akuba ndi maso a mayi ake, anavundikira zonse ndi pepala lakuda lapulasitiki n'kutsindira m'mbali ndi njerwa.

"Kezia! Tiye, anzako anyamuka kale!"

"Ndikubwera, amama!"

Asekuru anatenga ndodo yawo, a Maria anakoka chitseko. Nyumba zoyandikana nazo zinali zotseka. M'mudzi munatsala nkhuku zokha.

7. Pamwamba pa chulu

Kumaliro kunali anthu ngati nyerere. Amayi ankaimba m'nyumba ya siwa, abambo anakhala m'mithunzi, ndipo Kezia ndi anzake ankapita kumjigo n'kubwera, kupita n'kubwera. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Kamphepo kotentha kankanyamula fumbi ndi masamba ouma n'kumazunguza pabwalo.

Dzuwa litafika paliwombo, inali nthawi ya Kezia yopopa. Atagwira chitsulo cha mjigo anachotsa manja msangamsanga. Chinali chitatentha moti sichinkagwirika popanda nsalu.

Anayang'ana zikhato zake, kenako anayang'ana kutsidya kwa dambo. Ngati chitsulo cha pamadzi chatentha chonchi, nanga lata lovundikiridwa ndi pepala lakuda? Mantha anamugwira. Kwawo sikunali kutali kwa mtsikana wothamanga, akanatha kupita n'kubwera ulaliki usanathe.

"Iwe Kezia, ukupopa kapena ukulota?" anakuwa mayi wina amene ankayang'anira zophika. "Adzukulu akumanda akudikira madzi!"

Kuchoka pamaliro osatsanzika kukanafuna chifukwa, ndipo chifukwa chake chinali chosaneneka. Kezia anakulunga chitenje m'manja n'kuyamba kupopa. Anadziuza kuti apita akangotsitsa bokosi.

Ulaliki unatalika. Atalankhula a mpingo analankhula a kuchimuna, atalankhula a kuchimuna analankhula a kuchikazi. Kezia anakhala kumbuyo kwa mayi ake, maso ake osakhazikika. Pakati pa nyimbo, foni inayamba kunjenjemera pa mfundo ya chitenje cha a Maria. Iwo anasuzumira n'kumupatsira mobisa.

"Ndi adada ako. Pano sindingayankhe. Pita uko, uwauze tili pa maliro."

Kumeneko netiweki imagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu chachikulu cha kuseri kwa tchalitchi. Kezia anathamanga, anakwera chogwira udzu, n'kuika foni kukhutu.

"Adada?"

"Kezia! Mwana wane! Amama ako ali kuti?" Mawu a bambo ake ankamveka pafupi modabwitsa, ndipo kumbuyo kwawo kunkalira injini ya basi.

"Tili pa maliro, adada. Akuti..."

"Pepani, pepani. Koma pulika, sindingathe kusunga. Ndimafuna ndingotulukira, koma mtima wakana. Ndili m'Malawi! Tadutsa pachipata cha Dedza posachedwapa. Ntchito ndasiya, makiyi a chipinda ndabweza kwa eni ake, mbwenu zatha. Mawa ndili pakhomo!"

Zaka zonse zija Kezia ankaganizira mmene adzalumphire akadzamva mawu amenewa. Anatembenuka kuti ayang'ane kwawo, kumene bambo ake adzafikire mawa.

Kutsidya kwa dambo, kuseri kwa mtengo wa mango wa asekuru, kunkakwera kautsi koyera, kowongoka ngati chingwe.

"Ndalankhula kale ndi mmisiri," a Bestone ankapitiriza, akuseka. "Lolemba m'mawa akwera pakhoma. Ine ndidzakhala pansi ndikumupatsira matabwa, iwe udzagwira misomali. Mvula yoyamba idzatipeza m'nyumba yathu."

Utsi uja unanenepa. Kuyera kunasanduka chikasu, chikasu chinasanduka chakuda bii, ndipo pansi pake panatuluka lilime lofiira limene linakwera kupitirira mtengo wa mango. Tchire silipsa choncho. Umenewo unali utsi wa udzu wofolera ndi utomoni wa paini.

Kunsi kwa chulu nyimbo inayamba kuduka. Abambo ena anaimirira, akuloza. Kezia anaona mayi ake akudzuka pakati pa amayi, dzanja lili pamphumi kutchinga dzuwa. Anaima choncho kanthawi, kenako anagwira mutu ndi manja onse awiri n'kuyamba kuthamangira kudambo, duku litagwa m'mbuyo.

"Kezia? Halo? Netiweki yathawa?"

"Ndilipo, adada."

"Mawu ako atani? Ukulira? Usalire, mwana wane, kulira kwatha tsopano. Tandiuza, matabwa athu auma bwino?"

Kutsidya kuja denga la chisakasa linagwera m'kati, ndipo zithethe za moto zinauluka m'mwamba n'kuyamba kutsikira pa nkhokwe.

"Kezia," anatero bambo ake, kuseka kutawathera, "anthu akukuwa chiyani kumeneko?"